Makoswe a Kudenga ndi Zidzolo za Mwana Wanga

Mwana wanga woyamba anatuluka zidzolo ali ndi miyezi inayi, m'nyengo yotentha ija mvula isanagwe, pamene ngakhale mathithi a Mosi-oa-Tunya amachepa mawu. Tinkakhala m'nyumba yakale ya anthu a njanji, ya malata, siling'i yake yong'aluka m'makona. Amuna anga ankagwira ntchito m'sitima za katundu ndipo ankatha masiku ali paulendo.

Zinayambira m'khosi, timadontho tofiira, kenako pamimba ndi m'khwapa. Mwana ankangolira, kuyamwa pang'ono n'kulavula bere. Ndinasintha sopo. Ndinawiritsa matewera mpaka zala zinasupuka. Ndinasanthula matiresi kufuna nsikidzi, osapeza ngakhale imodzi. Kenako nanenso ndinaona totupa pamikono.

Kunena zoona, sindinkaopa zidzolozo ayi, ndinkaopa chimene zinkatanthauza zaka zimenezo. Mumsewu mwathu maliro sankatha. Mnzanga amene tinaphunzira naye kutayipa ku koleji anataya khanda, ndipo nalonso linayamba ndi khungu. Posakhalitsa iyenso anatsatira. Matendawo sitinkawatchula dzina, tinkangoti "aja". Ndinkati ndikayang'ana mwana, n'kuyang'ana ovolosi ya atate ake ili pawaya, mtima unkayamba kuyendera masiteshoni onse amene sitima imagona. Kukiliniki ndinkaopa kupita. Ndinkaona ngati nesi angomuvula kamalaya n'kutsitsa mawu.

Lachinayi lina masana kunabwera apongozi anga, mayi a amuna anga, akuchokera ku msonkhano wa amayi a kutchalitchi, atavala bulauzi yoyera ndi duku loyera. Anabadwira konkuno, koma bambo awo anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito, ndipo miyambo ya kumeneko ankaisunga kuposa eni ake. Analowa kuchipinda, n'kukhala pabedi pafupi ndi kabedi ka mwana, n'kumunyamula. Anamutembenuza uku ndi uku.

"Ayamwa?"

"Pang'ono chabe, amayi."

"Atate ake ali kuti?"

Anali atafika m'mawa womwewo, akugona pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Apongozi anawaitana ndi mawu amene anadzutsa ndi galu wa aneba yemwe.

"Iwe, bwera kuno. Uyu mwana ni tsempho iyi. Wam'dumpha."

Kwawo kwa amuna anga amati bambo akayenda ndi mkazi wina mwana ali wakhanda, mwanayo amadwala. Ine ndi satifiketi yanga sindinkakhulupirira zimenezo. Koma taonani, njira ya apongozi ndi yanga zinakathera pakhomo limodzi, pa munthu yemweyo amene anaima pachitseko akutikita m'maso.

"Amama, mwayamba," anatero.

"Nayamba? Uona ngati siniziba za imwe a sitima? Pa siteshoni iliyonse pali nyumba ya tiyi."

"Ine nigona mu kabuzi, kangolo ka kumbuyo kwa sitima, na mafuta kumanja. Nindani anganifune?"

"Atate ako anali kununkha malasha, koma anawafuna. Ulula, tipeze mankhwala mwana asanafooke."

Ine ndinangoti zii, maso pankhope pawo, kufuna kuona ngati chikope chigwedezeke. Apongozi ankalalata uku dzanja lina likukanda m'khosi. Anapitiriza za atate awo, za amalume ena amene anaulula mochedwa, dzanja likulowa kuseri kwa duku. Kenako anandipatsa mwana kuti akande ndi manja onse.

"Koma m'nyumba mwanu muno muli chiyani?"

Ndipamene ndinaona. Paphewa la bulauzi yoyerayo panali timadontho ngati fumbi la tsabola, ndipo fumbilo linkayenda. Ndinatsitsa nkhope. Tina totuwa, tina tofiira. Ndinatswanya kamodzi ndi chikhadabo, panatsala kamzere ka magazi. Ndinakweza maso. Pamwamba penipeni pa kabedi ka mwana, bolodi la siling'i linali litasiyana ndi khoma.

Makoswe anali atativutitsa chaka chonse, akuda aja a michira yaitali, okwera ndi nthambi ya mango n'kulowa pansi pa malata. Asananyamuke ulendo wina, amuna anga anagula mankhwala pamsika n'kuwaponya kudenga. Phokoso linatha, tinayamika. Kafungo kamene kanabwera pambuyo pake tinkanamizira ngalande. Palibe anaganiza kuti khoswe amayenda ndi alendo ake, ndipo akafa alendowo amatsika kukafuna magazi ena.

Amuna anga anakwera patebulo, n'kukankha bolodi, n'kulowetsa mutu. Anautulutsa msanga akutsokomola.

"Ali apa! Chisa chonse, na tuana twake. Nthata zili mbwee!"

Anatsika akudzipukuta m'mutu, n'kuyang'ana mayi awo. "Ndiye tsempho yanu iyi, amama. Ya michira."

"Usanichite chipongwe. Chotsa vonyansa ivo." Anali atavula kale duku, akulikung'untha pawindo. "Ndipo sininakambe kuti ndiwe mngelo. Nakamba chabe kuti lero wapulumuka."

Ndinaseka. Ndinaseka mpaka kukhala pansi mwana ali m'manja, kuseka kuja n'kusanduka kulira. Apongozi anaganiza kuti ndikulirira uve wa m'nyumba, nayamba kunditonthoza kuti makoswe alibe ulemu, amalowa ndi m'nyumba za olemera ku Highlands komwe.

Madzulo amenewo tinatulutsa zonse panja. Zofunda tinaviika m'madzi otentha, denga anapoperamo mankhwala, nthambi ya mango inadulidwa. Ine ndi mwana tinakagona kwa apongozi. M'mawa mwake ndinapita kukiliniki ndi mapazi opepuka. Nesi anamuvula kamalaya, ndipo mawu sanatsitse. Anati mwana wangolumidwa chabe, nandipatsa mankhwala opaka apinki aja, n'kundikalipira kuti ndinachedweranji. Sindinamvepo kukalipira kokoma chotero.

Khungu linayamba kusalala sabata isanathe. Tsiku lina ndikumupaka mwana pakhonde, atate ake anakhala pambali, akusenda nzimbe.

"Amake mwana, pamene amama anali kunizenga mlandu, iwe sunakambe kanthu."

"Sininakambe."

"Unaganiza vimodzimodzi?"

"Ninaganiza voposa apo."

Anasiya kusenda. Ndinadikira kuti akwiye, kapena aseke, koma anangoyang'ana mwana, amene anali mbuu ndi mankhwala, akuyamwa chala chakuphazi.

"Ku chipatala apima magazi masiku ano," anatero. "Tiyende tonse. Sinifuna kuti mwana akatsokomola chabe, uziniyang'ana monga unaniyang'anira pa chitseko paja."

Tinapitadi. Podikira zotsatira ndinaondanso ndi mantha, sindikana. Koma tsiku lokazitenga tinapezeka tili bwino tonse. Pobwerera anandigulira fanta wozizira pa kantemba ka pafupi ndi njanji, ndipo ndinamwa yense osawagawirako.