Tanti Ursuline akulunga nsalu mkwatibwi wolakwika

Padoko la pachilumba cha Carriacou palibe amene sawadziwa Tanti Ursuline, kapena titi azakhali Ursuline m'chinenero chathu. Anayamba kugulitsa nsomba zokazinga ndi madzi a kokonati pamenepo akadali ndi mano onse, ndipo ana awo onse anakulira chiwaya chomwecho. Koma chimene anatchuka nacho si nsomba ayi, ndi dengu la nsalu. Mlendo akatsika sitima atavala zosambira n'kulunjika kumsika, Tanti amamuthamangira, kumukulunga nsalu m'chiuno, n'kumuuza kuti, "Zosambira n'za m'madzi, mwanangu. Kumtunda kuno kuli tchalitchi. Ndipo ukakwera basi upereke moni kwa onse, wamva?"

Ndiye mdzukulu wawo Kelvon anaimba foni kuti akubwera kuchokera ku Toronto, mzinda wa kudziko lozizira, ndi mtsikana woti amukwatire, dzina lake Danika. Tanti anasangalala mpaka kupsereza nsomba. Chimodzi chokha chinkawadya mumtima: Mayi Ignatia, ogulitsa zokometsera ndiwo pafupi nawo, amene pakamwa pawo sipatsekeka.

"Atsikana a kuchisanuko sapereka moni," anatero Mayi Ignatia. "Muona, achemwali. Adzakudutsani ngati chitsa, ntchafu zili pamtunda."

"Pabanja pathu sipalowa wopanda mwambo. Inu samalani za mpongozi wanu uja wosadziwa kupala mamba a nsomba."

Tsikulo doko linadzaza, aliyense akunamizira kugula kanthu. Sitima itakocheza, Kelvon anatulukira atasenza zikwama, pambali pake pali mtsikana wovala kakabudula kongokwana m'dzanja, maso ali pafoni. Moni, ayi ndithu. Mayi Ignatia anatsokomola mokweza.

Tanti sanadikire. Anadumpha ndowa ya nsomba, nsalu ili m'manja, n'kumukulunga mwana wa eni ake kuyambira m'khwapa mpaka m'akakolo.

"Mkazi mnzanga wafika! Musaseke, zovala zake zili m'chikwama!"

Anamugwira dzanja n'kuyamba kuzungulira naye. "Nena 'mwadzuka bwanji' kwa Mayi Ignatia. Mokweza! Kwa abusa awo. Kwa asodzi awanso, ngakhale akununkha." Mtsikana uja ankangopereka moni uku akuseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Agogo!" ankakuwa Kelvon. "Agogo, taimani kaye!"

"Khala chete iwe, unalephera kumuphunzitsa."

"Ameneyo sindikumudziwa! Tangotsikira limodzi m'sitimamu basi!"

Kenako pamwamba pa makwerero a sitima panaoneka mtsikana wina, diresi lake lopitirira m'mawondo, nkhope itatuwa chifukwa mafunde anamusanzitsa ulendo wonse. Anaima atagwira chitsulo, n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji nonse? Agogo Ursuline ndi ati?"

Tanti anakuwa mpaka mbalame zinauluka padenga la msika. Anavina pomwepo, ataiwala za msana wawo wopweteka, nsapato imodzi n'kugwera m'madzi.

"Mwamva, Ignatia? Nonse! Mwana akudwala, koma wati nonse! Kelvon, wasankha mwanangu, wasankha!"

Mayi Ignatia anayesabe. "Nanga uyu mwamukulungayu, ndi wa yani?"

"Uyunso ngwathu. Wapereka kale moni, adzadya nawo ukwati."

Anakolekana mikono ndi atsikana awiriwo, wina uku wina uku, n'kuyamba nawo chitunda cha kunyumba, akuima pakhonde lililonse kuti anthu amuone Danika bwinobwino. Kelvon ankadzandira m'mbuyo ndi zikwama, wopanda womufunsa za ulendo.