Kusamba kwa a Jordão

A Jordão a ku Molumbo ankadziwa kukula kwa mutu wawo chifukwa azungu anauyeza. Ali mwana, kumishoni kunabwera azungu ndi chitsulo changati mbaniro. Anafoletsa ana pabwalo n'kumawapana mitu, mphuno, ngakhale milomo, wina akulemba. Womasulira anawauza kuti mutu wa munthu wakuda ndi fupa lokhalokha, malo a nzeru ndi ochepa. Lamulungu lotsatira padiri anamalizitsa nkhaniyo: Nowa analedzera n'kugona maliseche, mwana wake Hamu anamuona, ndiye khungu lakudali ndi temberero la tsiku limenelo.

Anzawo anamva n'kuiwala. A Jordão ayi ndithu, anazisunga ngati mbewu ya chaka chamawa. Sanali munthu wodandaula. Ankalima chimanga ndi nandolo, nkhondo itavuta anathawira kumisasa ku Malawi, ndipo mtendere utabwera anapeza mudzi uli thengo, n'kuyambanso kugwetsa mitengo. Kungoti chilichonse chikalakwika ankati, "Ndi za Hamu izi." Mvula ikachedwa, za Hamu. Tayala la njinga likaphulika, za Hamunso. Ine, mnansi wawo, zinkandinyansa, koma munthu wamkulu sumutsutsa pagulu.

Akazi awo atamwalira, a Jordão anadwala mpaka kufa ziwalo mbali yakumanzere. Mwana wawo Gelson, amene amanyamula anthu panjinga paboda ya Muloza, anakawatenga n'kuwasunga kunyumba kwake ku Milange. Vuto linabuka pomwepo: awasambitse ndani? Felizarda, mkazi wa Gelson, sakanatha, poti mkazi sayandikira mphasa ya apongozi ake aamuna. Wotsala anali Gelson yekha, koma mkuluyo anakana kwamtuwagalu.

"Iwe, usandivule. Ukandiona, temberero ligwera ana ako."

"Ababa, abusa athu anawerenga nkhani imeneyo tonse tikumva. Za khungu mulibemo. Azungu anangoikamo okha kuti tiziwalimira."

"Abusa akowo anayezedwapo mutu?"

Gelson ankangowapukuta kumaso, m'manja ndi kumapazi. Akayandikira m'chiuno, a Jordão ankakumbatira nsalu yawo, maso ali psuu. Fungo linadzaza nyumba, ana n'kuyamba kudyera panja. Tsiku lina Felizarda akuyanika mphasa anaona mafinya ndi magazi, ndipo anaitana mwamuna wake kuseri kwa nyumba.

"Abambo a Leonardo, msana wa ababa wayamba kuola. Mukapanda kutsuka zilondazo, yambani kufuna makasu okumbira manda."

M'mawa mwake Gelson sanapite kuboda. Anafunditsa madzi, anatenga sopo ndi kansalu, analowa m'chipinda n'kutseka chitseko.

"Ababa, inu mumati tinatembereredwa kalekale. Ndiye chatsala n'chiyani choti ndiope?"

Misozi ya mkuluyo inayamba kutsikira m'makutu, poti anagona chagada.

"Temberero limodzili ndalisenza moyo wanga wonse, ndipo ndi lolemera. Awiri sungathe, mwana wanga."

Gelson anamva chisoni, komanso anakwiya kwambiri, osadziwa woti amukwiyire: padiriyo anafa kalekale, oyeza mitu aja anabwerera kwawo. Anangogwada n'kuyamba kumasula mfundo ya nsalu. Ulendo uno a Jordão sanalimbane naye. Anakweza dzanja lawo lamanja n'kuphimba maso a mwana wawo.

Gelson sanalichotse. Anawasambitsa mopapasa, kufunafuna zilonda ndi zala, kutsuka chimodzichimodzi, madzi akutayikira pamaondo ake. Dzanja linatsika atamanganso nsaluyo.

Zilonda zina zinapola, zina zinakana. Zoyezedwa mutu a Jordão sanasiye kukamba, ndipo Gelson anasiya kuwatsutsa. Ankawasambitsa chomwecho m'mawa uliwonse mpaka nyengo yokolola nandolo, pamene dzanjalo linanyamuka pang'ono chabe n'kugweranso pamphasa. Tsiku limenelo Gelson anatsinzina yekha.