Tsiku limene bambo anaimirira m'tchalitchi

Bambo anga anali okonza njinga ku Nsadzo, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Chaka chimene anayamba kuiwala, ine n'kuti nditabwerera pakhomo ndi ana anga, banja litatha. Poyamba zinali zazing'ono, kumanga gudumu kenako n'kulimasulanso. Koma tsiku lina anapita kukagula mchere, ndipo anthu anakawapeza kutali, panjira ya ku Cassacatiza, atakhala pamwala, akufunsa kolowera kwawo.

Namwino wa ku postu, kachipatala ka kwathu, sanatibisire. Anati matendawa sabwerera m'mbuyo, amangonka patsogolo. Bambo anamvetsera chipewa chili pabondo.

Mchimwene wanga wa ku Tete atabwera pa shapa, minibasi ya kwathu kuno, bambo anatikhazika pakhonde. Anati tisadzawatengere kutauni, chifukwa kumeneko palibe wodziwa nkhope yawo. Munda wa kudambo anausiya m'manja mwanga. Anatinso ine mwana wamkazi ndisadzawasambitse, ntchito imeneyo anali atapempha kale msuweni wawo, mwamuna mnzawo. Mchimwene wanga anafuna kutsutsa za kutaunizo, koma atawayang'ana anangoti wamva.

Lamulungu, mapemphero atatha, bambo anapempha kuyankhula. Ine manyazi anandigwira, ndinangozyolika.

"Abale anga, mutu wangawu wayamba kutha," anatero. "Mukadzandiona ndikuyenda chosadziwa kopita, kapena ndaima pakhomo panu, musadzati ndine mfiti. Mudzandigwire dzanja, mundibweze kwa mwana wangayu."

Kenako mayi wina wa kwaya anayambitsa nyimbo m'tchalitchimo.

Anthu anasunga mawuwo. Amayi ogulitsa tomato awabwezapo, woyendetsa lole wina anawabwezapo, ngakhale a mpingo wa Ziyoni amene sanalipo tsikulo. Sindinamvepo wina akuwanena zoipa.

Lero bambo amanditchula kuti "mayi," mwaulemu ngati mlendo. Ndikawapatsa madzi amawomba m'manja n'kundifunsa kuti kwathu n'kuti. Masiku ena amalira, kufuna amayi awo amene anamwalira ine ndisanabadwe, ndipo zimenezo bambo sanatiuze kuti tidzatani nazo. Ndimangokhala pambali pawo n'kumawauza kuti amayi apita kumunda. Ndimalakalaka atabwerera m'maganizo mwawo ngakhale m'mawa umodzi wokha, ndiwafunse ngati ndikuchita bwino, ndiwauzenso kuti mdzukulu wawo wamkazi wayamba sukulu.