Mngelo wa Jekete Lakuda

Mabuku aja ndinabwera nawo ndine. Mwana wamkazi wa abwana anga ku Brooklyn, kuno ku Joni, kumene ndimagwira ntchito ya m'nyumba, ankapita ku yunivesite, ndipo adona anandiuza kuti katoni ya mabuku ake ndikaitaye kapena ndiitenge. Ife okhala ku Joni sititaya chinthu. Ndinaisenza mpaka pokwerera takisi, n'kukaitula m'kachipinda kathu ka lendi ku Capital Park.

M'kachipindamo ndinkakhala ndi mng'ono wanga, mwana wa amayi aang'ono. Anali atangobwera kumene kuchokera ku Balaka atalemba mayeso a Fomu 4, ndipo ankaluka tsitsi pa saluni ina m'tauni. Chizungu ankachimva kuposa ine. Pachikuto cha buku lililonse panali mnyamata wosavala malaya, mapiko kumsana, nkhope yokwinyika ngati watafuna piritsi la malungo. Poona mapikowo ndinati mwina ndi mabuku a mapemphero, ndipo ndinakondwa kuti mwanayu akulira m'mawu a Mulungu.

Anawawerenga onse, ena kawiri. Ankawerenga akudya, akuyenda, ngakhale mpunga ukupserera pamoto. Ine ndikamasita, iye ankandifotokozera. Nkhani yake inali imodzimodzi, olemba ankangosintha mtundu wa maso. Pali mtsikana wapasukulu amene amadziona wosakongola, koma anyamata onse akumufera. M'kalasi mwake mumabwera mnyamata watsopano: sayankhula, saseka, sadya. Kenaka zimadziwika kuti ndi mngelo amene anapirikitsidwa kumwamba, ndipo ali ndi zaka mazanamazana. Palinso chiwanda, chokongola kuposa mngeloyo, nacho chikufuna mtsikana yemweyo. Basi kumwamba ndi kugehena nkhondo yabuka, chifukwa cha mwana woti sadziwa ngakhale kuchapa masokosi ake.

"Munthu wa zaka mazanamazana akufunanji ku sekondale?" ndinamufunsa. "Akungolephera mayeso? Kwathu wotero timakamusiya kupolisi."

"Inu achemwali za chikondi simuzidziwa," anatero. "Iye amamuuza mtsikanayo kuti, 'Ndithawe, ndine woopsa.'"

"Ndiye amathawa?"

"Eish! Athawa bwanji?"

"Ndi miyendo. Mwini wake wanena."

Anandiyang'ana momvetsa chisoni, ngati ndine amene ndikudwala.

Jakaranda atayamba kuyoyola maluwa m'misewu, mng'ono wanga anapeza wake. Anali Mmalawi mnzathu, wamtali, wogwira ntchito m'fakitale ina ku Rosslyn. Ankavala jekete lakuda lachikopa ngakhale dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu. Akabwera kwathu ankaima pageti, manja m'thumba, maso kumwamba ngati akudikira kuitanidwa. Ndikamupatsa moni ankangogwedeza mutu. Ine ndinati n'kusaleredwa. Mng'ono wanga anati ndi munthu wozama maganizo.

Loweruka ndi Lamlungu ankasowa, foni yozima. Mng'ono wanga akamufunsa kumene amakhala, ankayankha kuti, "Usandifunse za moyo wanga. Pali zinthu zoti ukazidziwa uvulala." Mwana anabwera kunyumba akunjenjemera ndi chimwemwe, chifukwa mawuwo anali ngati a m'buku. Sindikunena kuti ankakhulupiriradi kuti bamboyo anagwa kumwamba, sanali wamisala. Koma chilichonse chimene amayi athu anatiphunzitsa kuti ukachiona mwa mwamuna uliyatse liwiro, mabuku aja anali atamuphunzitsa kuti ndiye ndiwo zake.

Tsiku lina anandinong'oneza kuti, "Achemwali, ali ndi zipsera ziwiri kumsana. Zazitali, pamapewa penipeni."

"Iwe kumsana kwakeko wakuona bwanji?"

Anayang'ana pansi. Ndinamuuza kuti zipsera zoterozo ali nazo amuna ambiri amene analowa m'dziko lino chokwawa pansi pa waya. Anati ndili ndi mtima wouma ngati chikonyo, n'chifukwa chake ndili ndekha. Zinandipweteka, ndipo ndinasiya kuyankhulapo.

Lamlungu lina masana, titangobwera kutchalitchi, pageti panagogoda mayi wina wonenepa bwino, mpango kumutu, mwana kumbuyo, m'manja chikwama chachikulu cha mizeremizere. Anapereka moni mwaulemu wonse. Anati kwawo ndi ku Machinga koma amakhala ku Ga-Rankuwa, ndipo akufuna mtsikana woluka tsitsi. Tinamupatsa mpando. Anakhala, anamasula mwana, n'kumuika pamiyendo. Mwanayo nkhope yonse inali ya bambo wa jekete uja, mpaka kakwinyidwe.

"Musaope achemwali, sindinabwerere ndewu," anatero mayiyo akuyang'ana mng'ono wanga. "Ndaona zithunzi zanu m'foni mwawo. Ndinu wokongola ndithu. Ndiye ndati popeza mkati mwa sabata amakhala anu, si bwino kuti ine ndizingolandira zakuda zokha. Ndabweretsa tigawane."

Anatsegula chikwama chija. Munali maovolosi a mafuta, masokosi ouma gwa, ndi makabudula amkati otha lasitiki.

Mng'ono wanga anayesa kulimba. "Iye anandiuza kuti moyo wake ndi woopsa," anatero ndi mawu aang'ono.

Mayiyo anaseka mpaka mwana analira. "Woopsa? Bambo awa? Mphemvu ikatuluka amaitana ine. Loweruka amagona pasofa kuonera mpira, kudzuka n'kufuna tiyi. Kusayankhulako musati nzeru, amaopa kuti akatsegula pakamwa mabodza asokonekera. Jeketelo ndi la mlongo wanga, mukawaona muwauze abweze."

Ine ndinafunsa za zipsera. Ndinkadziwa kuti si bwino, koma ndinafunsa.

"Waya," anatero. "Tinali limodzi. Anakodwa n'kuyamba kulira, ndinachita kuwakoka miyendo."

Anamwa madzi, anabereka mwana wake, anatsanzika bwinobwino, chikwama n'kuchisiya pakati pa chipinda.

Mng'ono wanga analira mpaka maso kutupa, chakudya osachikhudza. Ndinamuuza kuti chikwamacho tikachiponye m'bini. Nditabwerako kuntchito tsiku lotsatira, ndinapeza chingwe chonse cha kuseri chadzaza maovolosi ndi makabudula, zochapidwa mpaka kuyera.

"Zimanunkha m'nyumba," anatero osandiyang'ana.

Madzulo omwewo, dzuwa lisanalowe, mwini zovala anatulukira pageti. Jekete analibe, ndipo popanda jeketelo anali kamunthu kowonda, mapewa ngati hang'ala. Kwa nthawi yoyamba ndinamumva akuyankhula mawu ambiri. Anati mkazi uja sagwirizana naye, banja linatha kalekale mumtima, akungokhalira ana. Mng'ono wanga ankamvetsera, ndipo ndinaona kuti akufewa. Kenaka bamboyo anasuzumira kuchingwe n'kufunsa kuti, "Ovolosi yabuluuyo mwasita? Mawa ndikulowa m'mawa."

Mng'ono wanga anapita kuseri, anaanula zonse zili zonyowa, n'kuziponya kunja kwa geti chimodzichimodzi. Anayamba ndi makabudula. Amayi a nyumba yoyandikana nayo anatuluka ndi kapu ya tiyi m'manja kudzaonerera, ndipo bambo uja anatola katundu wake m'fumbi, akupepesa aliyense wodutsa.