A Dzina Lanu Ndani

Ku wodi ya amayi kuchipatala kumene ndimapita ine kuli nesi amene odwala anamupatsa dzina loti a Dzina Lanu Ndani. Dzina lawo lenileni ndi a Maness Chikhosi, kwawo ndi ku Kasinje, kumunsi kolima mpunga uko. Ndi mayi wamfupi, wosachulutsa mawu. Mungagone m'wodimo mpaka akudziweni ndi mbale yanu yomwe, koma akafika ndi mankhwala amaima n'kufunsa, "Dzina lanu ndani?" Amuna awo a Dyton, okonza njinga pamsika, amaseka kuti tsiku lina adzafunsidwa dzina asanawapatse madzi osamba.

Ine ndine Janeti wa ku Biriwiri, ndimalima kabichi ndi kachewere. Ndimadwala shuga, ndipo pakamwa panga sipachedwa, amene amandidziwa akuuzani.

Za chiyambi cha funso lawolo anandiuza okha pambuyo pake, titazolowerana. Ali mtsikana anakadikirira azakhali awo pachipatala china. Nesi anafika n'kufunsa, "Ndinu Naphiri?" Azakhali anati eya, poti analidi Naphiri. Anamwa mapilitsi a Naphiri wina, wodwala kuthamanga kwa magazi, ndipo chizungulire chinawagwetsa kubafa n'kuthyoka chiuno. Sanayendenso mpaka imfa yawo, ndipo amene ankawanyamula kupita nawo padzuwa anali Maness yemweyu.

"Munthu wa kwathu kuno ukamufunsa kuti ndinu auje, amavomera chifukwa cha ulemu," anatero. "Ndiye ine sindimuuza munthu dzina lake. Andiuze yekha."

Ine ndinakumana nawo mu Juni wa chaka chatha, shuga atakwera mpaka maso kuchita chidima. Anandigoneka pabedi la pawindo. Madzulo ake kunabwera gogo wina wa ku Champiti, chibayo chitamugwira, ndipo poti mabedi anali atadzaza anamuyalira matiresi pansi. Inu mukudziwa kuzizira kwa kuno mu Juni. Ine kugona pamwamba, munthu wamkulu akunjenjemera pasimenti? Ayi ndithu, sindinaleredwe choncho. Nditawafunsa mfunda wawo anati ndi Nangozo.

"Ha! Inenso ndine Nangozo. Ndiye ndinu amayi anga, kwerani apa," ndinatero.

Tinasinthana, ndipo palibe anaganiza zoti nkhani imeneyi n'kuwauza anamwino.

M'mawa ndinali chifundire chitenje kumutu pamene phokoso linandidzutsa. A Maness, omwe anali atangolowa ntchito ndipo sankatidziwa tonse awiri, anali ataima pabedi la pawindo, jakisoni ali m'manja.

"Ndati ndine Nangozo," gogo uja ankatero uku akupuma movutikira.

"Nangozo ndamva, amayi. Nanga dzina loyamba?"

"Iwe mwana, unakulira kuti? Dzina la paubwana wanga ndilitchule pagulu pano, apongozi a anthu akumva? Ana anga obereka ndekha salitchula!"

Buku lawo la kuchipatala linali ndi mpongozi wawo, amene anali atapita kukaphika phala. Wodi yonse inayamba kung'ung'udza kuti anamwino a masiku ano alibe mwambo. Ine, ndi pakamwa panga paja, ndinadzuka n'kuponyapo langa: "Asisita, abayeni agogowo, enafe tikudikira! Dzina ndiye mankhwala?" Mumtima ndinkati jakisoniyo ndi wa chibayo chawo. Nesi mnzawo anasuzumira pakhomo n'kunena kuti odwala adzaza panja, afulumire.

"Adikire," anayankha a Maness osatembenuka. "Sindibaya munthu amene sindikumudziwa."

Ndinkayesa akalipa, kapena angobaya kuti zithe. Koma anaika jakisoni uja m'kambale, n'kugwada pasimenti yozizira ija ndi yunifolomu yawo yoyera, n'kusendeza khutu pakamwa pa gogoyo.

"Pepani amayi, ndalakwa kufunsira pagulu. Ndinong'onezeni. Likalowa m'khutu muno silitulukanso."

Gogo anawayang'ana. Kenaka anawanong'oneza dzinalo, milomo ikungogwedera pang'ono. A Maness anadzuka, n'kuyang'ana pepala la mankhwala, n'kutiyang'ana tonse.

"Janeti Ngozo ndi ndani muno?"

Mayo ine! Jakisoni amene ndinkakuwa kuti awabaye agogo anali wanga, wotsitsa shuga, wolembedwa pabedi la pawindo pamene ndinagona dzulo lake. Gogo uja analibe shuga, ndipo chiyambire kudwala sankadya. Akanawabaya, akanangogona tulo tosadzuka nato, ife n'kumati chibayo chawatenga. Mwamantha ndinaulula kuti Janeti ndine, ndiponso kuti tinasinthana malo, kenaka ndinalira ngati mwana.

A Maness sanandikalipire. Anati kupatsa wamkulu bedi ndi chinthu chabwino, ndisadzasiye, koma ndizinena. Atatero anagwada pamatiresi panga, atangomva kumene kuti ndine Janeti, n'kufunsa, "Dzina lanu ndani?" Ndinalitchula lonse mokweza, mpaka a kuwodi ya abambo ayenera kuti anamva.

Kuchokera tsiku limenelo anavutitsa akuluakulu awo mpaka analola kuti wodwala aliyense azimatidwa kapulasitala padzanja, kolembapo dzina. Pulasitala nthawi zina amatha, koma funso lija silitha. Ena amanyinyirikabe, ena amawayankha mwachipongwe, iwo amangoima phee mpaka dzina lituluke. Ndikapita kukayezetsa shuga n'kumva wina akudandaula pamzere, ndimamuyankha ndine, ndipo sabwerezanso.

Gogo uja anachira. Tsiku lotuluka, mpongozi atamanga kale katundu, anakana kunyamuka mpaka a Maness abwere. Anawagwira dzanja n'kunena kuti, "Dzina lija, chimwalirire amayi anga palibe anandiitanapo nalo. Tandiitana kamodzi, mwanawe, ndizipita."

A Maness anawerama n'kuwanong'oneza kukhutu.

"Wawa," anayankha gogo, misozi ikutsika.

Ine ndawanyengerera a Maness ndi kabichi, ndi kachewere yemwe, kuti andiuze dzinalo. Mpaka lero sindikulidziwa.