Mpasa Umodzi, Akazi Awiri

Ndine amene ndinapulumutsa Mwanahalima, mwana wa mlongo wanga, kuti asalowe ndende. Ayi, ndanama. Anapulumuka ndithu, koma ine ndinatsala pang'ono kumulowetsamo.

Mwanahalima ndi wowamba nsomba ku Ngala. Chambo chake chimanunkhira mpaka kutsidya kwa nyanja, koma nsanje yake imafika patali kuposa pamenepo. Ankachitira nsanje ngakhale khoka, ati mwamuna wake Fakiri amalisisita kwambiri.

Mu 1974 Fakiri anakwatira mkazi wachiwiri, Madina. Akabwera kunyanja ankaika nsomba milu iwiri yofanana, Mwanahalima ataima pomwepo, maso ngati nkhwazi. Tsiku lina m'khoka munakodwa mpasa umodzi wokha, wonona. M'malo moudula pakati, wopusayo anaupereka kwa Madina wathunthu. Mwanahalima anatola nkhafi yopalasira bwato, phaa! pamphumi pa Fakiri.

Kuchipatala anafuna kalata ya apolisi, ndipo nkhani inathawira pomwepo. Fakiri anakhululuka, ife ankhoswe tinakambirana, koma apolisi anati lamulo lija anatisiyira Angerezi silidziwa ankhoswe: khungu likang'ambika mlandu ndi wa boma, ndipo ngati munthu anachita kukonzekera kuvulaza mnzake, ndi zaka zambiri. Mwanahalima anali ndi khanda kumsana.

Tsono ine ndinali nditauza kale doko lonse kuti Mwanahalima anasema nkhafiyo sabata yathunthu, ndi kuti mutu wa Fakiri unasweka ngati dzungu. Apolisi anazimva, nanditenga kukhala mboni.

Kukhoti ndinalowa nditatsimikiza kuchepetsa nkhani. Koma abale, anthu anadzaza mpaka m'mawindo, onse kuyang'ana ine!

"Munaona bwino?" anafunsa woweruza.

"Ndi maso awiriwa, bwana. Magazi anafiiritsa nyanja, ng'ona zinabwera kuchokera ku Bua."

"Kalata ya dokotala ikuti anasoka katatu."

"Dokotalayo ulusi unamuthera, bwana."

"Nanga zosema nkhafi?"

Ndisanatsegule pakamwa, Mwanahalima anaimirira, khanda likulira.

"Bwana, nkhafi inali ya Fakiri yemweyo, ndinangoitola pamchenga. Kumenya ndinamenyadi, ndipo mpasa uja mpaka lero ukundiwawa." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Koma inu amalume, maso awiri ake ati? Sabata imeneyo munali ku Kanyenda, kufunsira mayi uja anakukanani."