Mzere Wobiriwira M'chitsime cha a Lameck

Ku Milepa mukafunsa za a Lameck okumba zitsime, ngakhale wa kabaza akulozerani. Ndi bambo wamfupi, wa mapewa ngati chitseko, ndipo kudzikayikira sanabadwe nako. Anabwera m'mudzimo ngati mkamwini, atakwatira a Esnart.

Ali mnyamata ankaswa miyala kufupi ndi Nguludi, ndipo kumeneko ndi kumene anadziwana ndi kamzere kobiriwira koyenda m'thanthwe ngati mtsempha. Anzawo ankakalimbirana poyesa ndi mwala wamtengo wapatali, chonsecho kamapezeka m'matanthwe ambirimbiri. Woyeza miyala wina anawauza kuti dzina lake ndi epidoti. Akuti kalekale, thanthwe likadali pansi penipeni, linang'ambika, madzi otentha n'kudutsa m'ming'alumo, n'kusandutsa mwalawo kukhala wobiriwira. A Lameck dzinalo sanalisamale, koma anagwira mfundo: pobiriwira m'pamene thanthwe linasweka kale, ndipo madzi apansi amatsata ming'alu.

Anakumbira anthu zitsime mpaka ku Mikolongwe, uku a Esnart akusenzabe ndowa kuchokera kudambo. Amuna inu! Anadzayamba kukumba kuseri kwa nyumba yawo mayiwo atadwala kale, ndipo a Esnart anamwalira dzenje likulekeza m'chiuno.

Ku Milepa mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa: amabwerera kwawo, ana n'kutsala kuchikazi. A Silvesta, achimwene ake a malemu, ananena mosapsatira kuti anthu akangokolola mwambowo uchitika. A Lameck zinawapweteka kwambiri, chifukwa mwana wawo Tadala anali asanayambe ndi sukulu yomwe. Sanakangane nawo. Anangopempha kuti amalize kaye chitsime cha akazi awo.

Dzenje litazama, piki inagunda thanthwe. Anthu anayamba kunyogodola kuti mkamwini akujompha mwala dala kuti asachoke. Eni ake analibe nazo ntchito. Anatsuka thanthwelo ndi madzi a m'chigubu, ndipo kamzere kaja kanaoneka, kakulowera pansi chakum'mawa. Anasonkhapo moto wa zitsa n'kutuluka kuthawa utsi, ndipo thanthwe litatentha analikhuthulira madzi ozizira. Linangoti phwaa, kung'ambika motsata mzerewo. Kuyambira pamenepo inali ntchito ya moto, madzi ndi nyundo. Chimanga chinauma, chinalowa m'nkhokwe, iwo ali pansi.

M'mawa wa tsiku la mwambo abale anasonkhana, koma a Lameck osaoneka. Anakawapeza m'dzenje muja, madzi akulekeza m'mawondo, bambo wamkulu akulira osabisa. Atatuluka anatunga ndowa imodzi n'kumusukusula Tadala kumaso, kenako anakatenga chikwama chimene anali atalongedza kale.

"Chitsime cha a Esnart chatha, alamu. Ndisudzuleni tsopano."

A Silvesta anasuzumira m'chitsimemo nthawi yaitali. Kenako anayang'ana mwana uja, yemwe anali atakakamira thalauza lonyowa la bambo ake.

"Chikwamacho kabwezeni m'nyumba," anatero. "Chitsime chopanda chivundikiro mukusiyira ndani? Mukufuna mwanayu agweremo?"

Chivundikiro a Lameck anaika sabata yomweyo, koma za kusudzula palibe anazitchulanso. Tadala pano ali ku sekondale, ndipo m'mawa uliwonse amasamba madzi a amayi ake.